Chigamba choyamba

Wachinyamata amene wangoyamba kusuzumira mu kernel ya Linux nthawi zambiri amafuna kulowa ndi chinthu chachikulu. Ndimamumvetsa. Ntchito imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki lero ili ndi mizere yoposa 30 miliyoni, ndipo ndiyo ikuyendetsa foni iliyonse ya Android imene ili m'matumba mwathu. Ndani sangafune kuti dzina lake lipezeke mmenemo?

Koma ine ndimati ayambe ndi chigamba chaching'ono, ndipo asachite nacho manyazi. Mu drivers/staging, mmene amayang'anira Greg Kroah-Hartman, muli ma driver amene sanapsebe, monga rtl8723bs ya wifi. Ukayendetsa checkpatch.pl pa fayilo imodzi, imayamba kudandaula: apa paikidwa mipata pamene pamafunika tab, apo mzere watalika kupyola zilembo 100. Iwe ukonze chimodzi chokha. Kenako get_maintainer.pl ikuuza woti umutumizire, ulembe chifukwa chake m'mawu ochepa, pansi pake usaine Signed-off-by ndi dzina lako, n'kutumiza pa imelo yopanda zokongoletsa.

Ena amanyoza kuti kumeneku n'kusesa pabwalo chabe. Amaiwala kuti pantchitoyi olemba ndi ambiri, osowa ndi owerenga. Kernel yatsopano imatuluka pakatha milungu 9 kapena 10, ndipo nthawi yonseyo zigamba zimakhala zikuunjikana pamaso pa anthu ochepa. Mmodzi wa iwo akakubwezera chako n'kunena kuti uchigawe pawiri, kapena kuti sunachiyese usanatumize, dziwa kuti wakupatsa nthawi imene analibe. Wongoyamba kumene amene wamva, n'kubwera ndi chigamba chachiwiri (v2) chokonzedwa popanda kunyanyala, waphunzira chimene buku la C silingamuphunzitse.

Kukhulupirirana kwa olemba ndi owerenga sikuchedwa kusweka. Mu 2021, zitadziwika kuti ofufuza a ku University of Minnesota anatumiza dala zigamba zolakwika pofuna kuyesa oyang'anira, Kroah-Hartman anatsekera kunja yunivesite yonseyo, ndipo anthu anasiya ntchito zawo n'kuyamba kuunikanso zakale zimene inatumiza.

Kungoti wachinyamata uja asakalambire pakusesa. Zigamba ziwiri kapena zitatu zakwana. Akatero atenge laputopu yake yakale ija, aikemo kernel yoyeserera (rc) ya sabata ino, aone ngati wifi ikugwira. Ikakana, alondole ndi git bisect, ngakhale zimutengere usiku wonse, mpaka apeze chigamba chimene chaononga, akauze mwini wake.