Macheza a Oyendetsa Ndege pa Ulendo Wautali

Ndege ikakhazikika pamwamba pa mitambo, ntchito yambiri imagwiridwa ndi makina, ndipo oyendetsa awiri amatsala moyandikana m'kachipinda kopanikiza kwa maola ochuluka. M'makampani akuluakulu, kawirikawiri anthuwa amakhala atakumana koyamba tsiku lomwelo. Funso loti akambirane chiyani limaoneka ngati la ulemu chabe, komatu miyoyo ya anthu amene akhala kumbuyoko imadalira yankho lake.

Pa 11 September 1974, ndege ya Eastern Air Lines idagwa ikuyandikira bwalo la ku Charlotte, m'dziko la America, ndipo anthu 72 adamwalira. Makina ojambula mawu adaulula kuti oyendetsawo ankacheza za ndale ndi za magalimoto pamene ndegeyo inkatsika mopitirira muyezo. Mu 1981 bungwe la FAA lidaletsa macheza osakhudza ulendo pamene ndege ikuyenda pabwalo, ikunyamuka, ikutera, kapena ikukwera ndi kutsika pansi pa mapazi 10,000.

Lamuloli lidachepetsa macheza oopsa, koma kukhala chete nakonso kudaphapo anthu. Pa 27 March 1977, ku Tenerife, ndege ya KLM idawombana ndi ya Pan Am m'chifunga, ndipo anthu 583 adamwalira. Injiniya wa KLM adafunsa ngati ndege inayo inali itachoka panjira yonyamukira. Kaputeni, yemwe anali mphunzitsi wamkulu wa oyendetsa pakampanipo, adayankha motsimikiza, ndipo palibe amene adalimbikiranso funsolo. Mwambi umati mawu a akulu amakoma akagonera, koma m'chipinda chimenechi mawu a wamng'ono sangadikire mawa.

Apa ndi pamene macheza a pakati pa ulendo amapezera phindu lake. Kaputeni amene amafunsa mnzake za kwawo, za ana ake kapena za mmene adaphunzirira ntchito, namvetsera yankho mpaka pamapeto, amakhala akumuuza kuti mawu ake ali ndi malo. Amene amalamulira nkhani yonse, kapena kunyoza chipembedzo ndi ndale za mnzake, amaphunzitsa wamng'onoyo kutseka pakamwa, ndipo pakamwapo padzakhalabe potseka pamene chizindikiro cha mafuta chidzayamba kukayikitsa.

Choncho muyezo wa nkhani yoyenera ndi wakuti itha kudulidwa pakati popanda wina kukhumudwa, komanso ikatha aliyense amakhala womasuka kuuza mnzake kuti walakwitsa. Nkhani yokoma kwambiri ingalepherenso pa muyezowu: mu October 2009, oyendetsa ndege ya Northwest Airlines adapitirira mzinda wa Minneapolis ndi makilomita oposa 200 atatengeka ndi zokambirana za ndondomeko ya ntchito pamakompyuta awo. Ulemu weniweni kwa mnzake, ndi kwa okwera amene akugona kumbuyo, umafuna kuti woyendetsa azicheza khutu lina lili pa wailesi, ndiponso azilola mnzake kukhala chete akafuna.