Kodi Mlendo Amakhala Mlendo Mpaka Liti?

Pa 17 Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anayamba kugwira anthu othawa nkhondo kwawo amene ankakhala mumzinda wa Lilongwe. Mashopu awo anatsekedwa. Ambiri, ana ndi amayi omwe, anagona kundende ya Maula asanawatengere kumsasa wa Dzaleka m'boma la Dowa. Boma linati likungotsata lamulo, ndipo silinaname.

Malawi atalowa mu 1987 m'pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, ananeneratu kuti ndime zina sizimumanga: ya ufulu wokhala kumene munthu afuna, ya ntchito yolipidwa, ya kusanduka nzika, ndi zinanso. Wothawa aloledwe kulowa, koma akhale mumsasa. Funso limene lamulo silingayankhe ndi lakuti, kodi ndi chilungamo kusunga munthu modikira moyo wake wonse?

Makolo anati mlendo ndi mame, poganiza za munthu wogona masiku awiri n'kupitirira ulendo. Msasa wa Dzaleka unatsegulidwa mu 1994, chaka cha kuphana kwa ku Rwanda, ndipo unakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mwana wobadwiramo m'zaka zoyambirira zija ali ndi banja lake tsopano. Amalankhula Chichewa bwinobwino, mphepo yozizira ya ku Dowa ndiyo anakulira nayo, dziko la makolo ake sanaliponde, koma pamapepala akadali wodutsa.

Alipo amene amati chifundo ndi cha munthu payekha, pomwe ntchito ya boma ndi kuteteza nzika zake. Mfundo yawo si yopepuka. Pakati pa othawa pamabisalanso anthu amagazi m'manja. Rwanda wakhala akufuna oganiziridwa kuti anapha anthu mu 1994. Malawi ndi Rwanda anasainirana pangano lobwezerana ofunidwa mu 2017, ndipo mmodzi mwa ofunidwawo, Vincent Murekezi, anaperekedwa ku Kigali mu 2019. Wamalonda wamng'ono wa ku Area 25 amadandaula za mpikisano. Mlimi woyandikana ndi msasa amaona nkhuni zikutha. Maiko olemera nawonso ali ndi mlandu: amayamikira Malawi pamisonkhano ya ku Geneva, koma mu 2023 bungwe la WFP linadula thandizo la chakudya ku Dzaleka kufika pa theka chifukwa ndalama sizinabwere.

Komabe kuletsa munthu kugwira ntchito, kwinaku phoso lake likuchepa, si kuteteza aliyense. Wakupha afufuzidwe, aweruzidwe payekha. Tchimo lake lisamangitse mayi wogulitsa tomato.

Mapiri a ku Dowa ndi Ntchisi amaidziwa nkhani ya kuthawa. Angoni atafika m'zaka za m'ma 1800, Achewa ankabisala m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Lero zidzukulu za othawa ndi za othamangitsa zimakwatirana, zimalima fodya ndi soya m'minda yoyandikana. Mu 1889 mfumu Chiwere inalandira alendo awiri a ku South Africa, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, ndipo mishoni yawo ya ku Mvera ndiyo muzu wa Sinodi ya Nkhoma.

Dzaleka yemweyo anali ndende m'nthawi ya Kamuzu Banda. Mboni za Yehova, zitaletsedwa mu 1967 ndi kuzunzidwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani, zinathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia mu 1972, zina ku Mozambique, ndipo ena mwa obwezedwa anatsekeredwa pamalo omwewa. Amenewo anali Amalawi ofuna chifundo cha maboma a eni. Patapita zaka, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itavuta, Malawi analandira anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ambiri n'kukhala m'midzi pakati pa eni nthaka. Dziko silinagwe nazo, ndipo linapeza ulemu kunja umene akazembe sakadaugula.

Akhristu amalalikira za banja la Yesu kuthawira ku Aigupto. Asilamu amawerengera zaka zawo kuyambira pa kusamuka kwa Mtumiki Muhammad kuchoka ku Makka kupita ku Madina. M'zipembedzo zonse ziwiri wothawa si munthu wongodyetsedwa. Amapatsidwa malo oti ayambirepo moyo. Boma si mpingo, n'zoona. Koma amene amalisankha ndi omwewo odzaza matchalitchi ndi mizikiti, ndipo pangano losainidwa kunja limasainidwa m'dzina lawo.

Njira ilipo. Lamulo la othawa kwawo la 1989 lili m'manja mwa aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndipo pangano la 1951 limalola dziko kuchotsa zokana zake polembera kalata mlembi wamkulu wa United Nations. Abusa ndi mashehe a ku Dowa ndi Ntchisi, amene amawaona anthuwa pamsika ndi pamaliro, ndiwo oyenera kuyamba kufunsa aphungu awo chimene chikuchedwetsa kalatayo.