Tili tonse, kapena tangokhala malo amodzi?

 Sabata ino ndabwera ndi funso lomwe lakhala likundizunguza mutu. Banja likakhala pansi madzulo, maso onse ali pa TV, kodi tinene kuti anthuwo ali pamodzi? Musathamangire kuyankha, yambani mwakumbukira mmene kunalili kunyumba kwanu dzulo lomweli.

Ine kwathu n'ku Chikwawa, kufupi ndi Nchalo. Inu a ku Dedza ndi ku Mzuzu mumaonera TV m'nyumba mutavala majuzi. Kuno kuchigwa, mwezi wa October, m'nyumba ya malata simukhalika ngakhale dzuwa litalowa. Ndiye TV timaitulutsa pakhonde, mkeka n'kuyala pabwalo, udzudzu tikukupiza ndi chitenje. Ikakhala panja chonchi siikhalanso ya nyumba imodzi. Ana a oyandikana nawo amangofika osaodira, poti nyumba za magetsi kapena sola n'zowerengeka.

Tisaiwale kuti chinthuchi n'chachilendo. Nthawi yonse ya Kamuzu dziko lino linalibe nyumba youlutsira kanema, TVM idayamba mu 1999. Agogo anga akazi anakalamba asanaione, ndipo itabwera pakhomo sanaikonde. Tsiku lina ananena mawu omwe sindimawaiwala: "Chinthu chanuchi sichifunsa ngati mulipo."

Ankanena za nthano. Mukukumbukira momwe zinkakhalira: wamkulu akati "Padangokhala", inu mumayankha "Tili tonse". Akanena pang'ono amaima, kudikira yankho lanu. Mukasiya kuyankha amadziwa kuti mwagona, nthano n'kuthera pompo. Ndiye kuti womvera anali ndi ntchito yake, nthano siinkayenda popanda iye. Koma TV imalongolola ngakhale nonse mukuliza mkonono. Apa agogo ankanena zoona, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti mlandu watha, TV yagonja.

Chinandisintha maganizo ndi January wa 2022. Mwezi umenewo Flames inali ku Cameroon ku mpikisano wa AFCON. Pa 14 January inagonjetsa Zimbabwe 2-1, zigoli zonse ziwiri za Gabadinho Mhango. Kenako inalepherana ndi Senegal ya Sadio Mané 0-0, n'kudutsa gawo la magulu koyamba m'mbiri yathu. Masiku amenewo pabwalo pathu pankadzaza ngati pa chinkhoswe. Ngakhale agogo ankakoka mkeka wawo kufupi, akufunsa kuti athu ndi ovala ziti.

Masewero ndi Morocco anali pa 25 January, Lachiwiri usiku. Lolemba lake namondwe wa Ana anafika. Mvula inagwa usana ndi usiku, mitsinje n'kusefukira, msewu wa M1 n'kuduka. Madzi anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, kuno ku Chikwawa komwe, ndipo mdima unakuta dziko. Nyumba yathu ili pokwererapo, choncho azakhali ndi ana awo atatu anathawira kwathu, atasenza timitolo tonyowa. Nyumba yawo inali itagwa, chimanga cha m'munda chitapita ndi madzi.

Usiku wa mpirawo TV inali zii, titaiphimba ndi nsalu. Abambo anatulutsa kawailesi ka mabatire kamene tinali titakaiwala kale, n'kukaika pakati pa mkeka. Tinakazungulira anthu khumi ndi mmodzi, tochi imodzi. Mphindi ya 7, woulutsa anakuwa mpaka mawu kusasa: Gabadinho waponya kuchokera kutali, mpira uli mu ukonde! Azakhali, amene tsiku lonse sanalawe kanthu ngakhale kuyankhula, anaimirira n'kuululutira. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira, ndipo amayi anawagwira. Morocco inabweza, n'kudzapambana 2-1 ndi chigoli cha Achraf Hakimi. Wailesi itazimitsidwa palibe anapita kukagona. Azakhali anayamba kufotokoza mmene madzi anawapezera, ife tikuvomera.

Chigoli chimene dziko lonse la pansi linkachikamba, ife sitinachione usiku umenewo. Komabe sindikumbukira tsiku lina limene banja lathu linali pamodzi kuposa limenelo. Ndipamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi chomwe chinkatimanga sichinali galasi la TV lija. TV inkangotipatsa chifukwa chokhalira pansi ola limodzi, pa mkeka umodzi, mtima uli pa chinthu chimodzi. Chifukwa chimenecho si chochepa ayi. Bambo ndi mwana wake wamwamuna amene satha kucheza mphindi zisanu amatha kukhala maola awiri akukangana za golokipa. Ndipo chizolowezi chokhalira limodzicho ndi chimene chinatisonkhanitsa pa mkeka tsiku la tsoka.

Palinso china. Nkhani zina kholo la Chimalawi silitha kuziyamba pamaso pa mwana. Sewero la Tikuferanji, lija la Manganya, linkalowetsa m'nyumba nkhani za Edzi ndi zibwenzi zamseri. Amayi ankangoti, "Mwamuona mtsikana ameneyo? Muone kumene athere." Sankayang'ana munthu, koma achemwali ankadziwa mwini uthengawo. Agogo nawo ankachita zomwezo ndi Kalulu ndi Fisi.

Ndiye yankho langa ndi ili: TV imasonkhanitsa matupi, koma "Tili tonse" ayenera kunena ndi anthu. Ndipo apa mpamene ambirife timalakwa, ine ndemwe ndili m'gulumo.

Taganizani, pamene nkhani za madzulo zikuyamba, ndani akutsuka mbale kuseri? Kawirikawiri ndi amayi, kapena mtsikana wa pakhomo, kapena mwana wamasiye amene mukumusunga. Akamamaliza, filimu yafika pakati, ndipo akafunsa kuti zayamba bwanji timamuuza kuti asatisokoneze. Kodi banja limeneli likuonera limodzi?

Taganizaninso za rimoti. Ngati imakhala m'dzanja limodzi chaka chonse, ena onse ndi alendo m'nyumba yawo yomwe. Munthu amene sanaonerepo katuni ndi mwana wake, kapena kwaya imene akazi ake amaikonda, asamati timaonera limodzi. Amangotionetsa zake.

Nanga foni? Masiku ano TV imayaka, anthu asanu ali pamenepo, aliyense mutu uli pansi, wina WhatsApp, wina TikTok. Wina akaseka, anzake sadziwa chamuseketsa. Agogo akanaona zimenezi bwenzi akuipepesa TV ija, chifukwa iyo nkhani yake inali imodzi kwa tonse.

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Sindikutsutsa. Koma ndaona abale a bere limodzi akusanduka anthu ongopatsana moni pamaliro, popanda mkangano uliwonse, kungoti analeka kukhala pansi limodzi. Agogo anatisiya, azakhali anamanga ina kumtunda, ine ntchito inanditengera kutali. Ndikapita kumudzi TV timaitulutsabe pakhonde, ndipo malo amene agogo ankayala mkeka wawo amaoneka.

Madzulo ano musanayatse, werengani anthu. Ngati wina akadali kukhitchini, dikirani, kapena pitani mukamuthandize kutsuka. Rimoti mumupatse wamng'ono kwambiri, ngakhale kwa theka la ola. Ndipo wina akayankhula filimu ili mkati, musamuletse. Chepetsani mawu a TV, mumuyankhe.