Naomi ndi Machona a kwa Kambombo

Buku la Rute lisimba za mkazi wa ku Betelehemu, dzina lace Naomi, amene anacoka kwao cifukwa ca njala pamodzi ndi mwamuna wace ndi ana amuna awiri, nakakhala ku Moabu monga zaka 10. Amuna atatuwo anafera komweko. Pobwerera iye, wokalamba ndi wopanda kanthu, akazi a m'mudzi anacita kufunsana ngati ndi yemwe uja. Ndipo mwini wace anakana dzina lace lakale, nasankha la Mara, ndiko kunena kuwawa.

Mbiri yotere siiri yacilendo kwa Asenga a kwa Mfumu Kambombo, ku Chama, m'cigwa ca Luangwa. Ciyambire msonkho wa nyumba m'masiku a Kampani, anyamata a m'midzi yakutali anayenda pansi kukafuna nchito ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa ya Nkana, Mufulira ndi Luanshya. Ambiri anabwera ndi njinga ndi bulangeti. Ena sanabwere, ndipo anthu anawapatsa dzina lomvetsa manyazi lija, machona. Lero njira ya ku Lusaka ndi ya ku Johannesburg ikali kutenga adzukulu ao.

Munthu wa pa ulendo akalamba monga akalamba wa pamudzi, koma sakalambira pa nthaka yace. Pamene migodi ya boma inagulitsidwa, cha m'ma 2000, amuna ambiri a imvi anacotsedwa nchito. Caka comweco ku Zimbabwe mapulazi a Azungu anayamba kulandidwa, ndipo anchito ocokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene anakalambira pa mapulaziwo, anasowa nyumba ndi munda womwe, pokhala anayesedwa alendo m'dziko limene analilimira moyo wao wonse. Pamenepo nkhalamba ikumbuka kwao.

Nanga ikafika ipezanji? Ipeza dziko la ana. Zambia anali ndi anthu monga mamiliyoni 4 mu 1969. Mu 2022 anawerengedwa mamiliyoni 19.6, ndipo m'Afrika monse theka la anthu silinafike zaka 20. Amene anamdziwa ali mnyamata agona kumanda. Munda wa atate wace aulima ena. Ana amseka polankhula Cibemba kapena Cishona. Coipa koposa ndi ici: mwana akadwala m'mudzi, maso a anthu athamangira ku kanyumba ka nkhalamba yopanda mbale, nayamba manong'onong'o a ufiti. Mkristu wolola lilime lace ku bodza lotere aonjeza mwala pa katundu wa munthu wotopa kale.

Zoonadi, machona ena ali nao mlandu. Alipo anadya ndalama zao zaka 30 osalemba kalata, osatumiza ngakhale nsaru ya maliro a amai ao, ndipo abale osiyidwawo sanama ponena kuti mtima ukali kuwawa. Koma ku Betelehemu palibe anamuika Naomi pa bwalo kumfunsa cifukwa cace anathawa njala imene anzace anaipirira. Anafika poyamba kukolola barele, ndipo cilamulo ca Mose cinali citasiyira kale aumphawi, amasiye ndi alendo khunkha la m'munda. Boazi sanalekeze pa cilamulo: anauza anyamata ace asololeko dala ngala za m'mitolo, kuti Rute, mpongozi wa Naomi, atole zokwanira awiri osacita manyazi. Anayamba ndi cakudya. Za munda wa malemu Elimeleki anazikonza bwino lace pa cipata, pamaso pa akulu 10.

Ku Chama barele kulibe, koma mpunga ulipo. Tsono mpingo umene uli ndi wobwera wotere usadikire kuti ayambe wapempha, pakuti mwamuna amene anagwira nchito pansi pa mgodi sapempha msanga. Amai a cigwirizano ampatulire mtanga pokolola. Akulu a mpingo apite naye kwa nyakwawa kukanena za kamunda, ndi kwa a boma olemba maina a okalamba olandira thandizo la ndalama, popeza wokhala kunja zaka zambiri kawirikawiri alibe womnenera. Anyamata amwete udzu mwezi wa Juni, moto usanalowe m'chire, kuti denga lace likhale lofolera mvula ya Novembala isanagwe.