Kodi Phungu Angatumikire Wogula ndi Wanchito Pamodzi?

Pa nthawi ya masankho pamaoneka anthu amene amaimirira pamaso pa anzao ndi kulonjeza kuti akasankhidwa adzateteza ogula kuti asamaberedwe m'masitolo, ndiponso adzateteza anchito kuti asamaponderezedwe ndi mabwana ao. Mau amenewa amakoma m'khutu, pakuti palibe munthu amene sagula, ndipo ndi ocepa amene sagwira nchito. Koma m'kati mwa lonjezo limeneli muli mfundo yobvuta kumasula. Wogula afuna kuti mtengo utsike. Wanchito afuna kuti malipiro akwere. Ndalama imene wogula akondwera kuti yatsala m'thumba mwace, kawirikawiri ndi yomweyo imene yasowa m'dzanja la amene anasoka cobvalaco. Akale anati mapanga awiri abvumbwitsa. Kodi tsono munthu angapemphe mpando m'dzina la onse awiri popanda kunamiza mmodzi?

Yankho la funso limeneli lioneka bwino m'mbiri ya zimene zinacitika ku New York, m'dziko la America, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Dziko la America liri ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi bwanamkubwa wace ndi nyumba yace ya malamulo, kuonjezera pa nyumba yaikulu ya dziko lonse imene iri ku Washington. Malamulo ambiri okhudza mafakitale, masitolo, miyeso ya pa msika ndi maola a nchito amapangidwa m'nyumba za m'zigawo zimenezi. Nyumba ya cigawo ca New York iri mu mzinda wa Albany, ndipo iri ndi zipinda ziwiri: Senate, ndi Assembly imene iri ndi aphungu 150. M'zaka zimenezo aphungu a Assembly anali kusankhidwa caka ndi caka, kotero kuti phungu anali kubwerera kukapempha mavoti asanaiwale nkhope za amene anamsankha.

Mmodzi wa aphunguwo anali Alfred E. Smith, amene anabadwa mu 1873 m'dera la anthu osauka la Lower East Side mu mzinda wa New York. Atate ace atamwalira, iye anasiya sukulu ya parishi ya St. James ali ndi zaka ngati 14, nayamba maganyu, ndipo pambuyo pace anagwira nchito pa msika wa nsomba wa Fulton. Anasankhidwa mu 1903, nakhala pa mpando kuyambira 1904 kufikira 1915. Koma dzanja limene linamkweza silinali loyera. Anaima ndi cithandizo ca Tammany Hall, gulu limene linali kuyendetsa cipani ca Democratic mu mzindamo, lodziwika ndi ziphuphu ndi kugawa nchito za boma kwa oliombera m'manja. Pofika ku Albany, Smith sanali kumva cinenero ca malamulo, ndipo caka cace coyamba cinatha osalankhula m'nyumbamo. Cimene cinamsiyanitsa ndi anzace ndi cakuti anacita manyazi ndi umbuli wace. Pokumbukira kuti safunsa anadya phula, anayamba kutenga mapepala a malamulo ofuna kukambidwa, makamaka a ndalama za boma, namawerenga usiku mzere ndi mzere, kufikira anadziwa za boma la cigawoco koposa ambiri amene anapita ku masukulu apamwamba.

M'zaka zomwezo ogula a ku America anali atayamba kugalamuka. Mu 1906 Upton Sinclair anasindikiza buku la The Jungle, lofotokoza moyo wa anchito m'mafakitale a nyama a ku Chicago. Colinga cace cinali cakuti anthu amvere cisoni anchitowo. Koma owerenga ambiri anacita nseru ndi nyama imene anali kudya, ndipo caka comweco boma la dziko lonse linakhazikitsa malamulo oyendera nyama ndi oletsa cinyengo pa zakudya ndi mankhwala. Mbale ya wogula inatsukidwa msanga, koma moyo wa wanchito unatsala monga unaliri. Ndico cibadwa ca munthu: amathamangira kuzima moto umene wagwira denga lace, nacedwa pa umene wagwira denga la mnzace.

Panali ena amene anaona patali. Bungwe la ogula la National Consumers League, limene linayamba mu 1899 motsogozedwa ndi Florence Kelley, linali kuphunzitsa kuti wogula ali ndi mbali yace pa zonse zocitika kumene katundu apangidwa, popeza ndalama yace ndiyo iyendetsa makina. Bungweli linali kuika cizindikiro coyera pa zobvala zosokedwa m'mafakitale osunga bwino anchito, kuti mai wolowa m'sitolo adziwe cimene ndalama yace ikulimbikitsa. Mu 1910 nthambi ya bungweli ya ku New York inalemba nchito mai wina, Frances Perkins, amene udindo wace wina unali wokakamba ndi aphungu ku Albany.

Loweruka pa 25 March 1911, madzulo anchito ali pafupi kuweruka, moto unabuka m'fakitale ya Triangle, yosoka mabulauzi a akazi, imene inali pa nsanjika ya 8, ya 9 ndi ya 10 ya nyumba ina yaitali mu mzinda wa New York. Citseko cimodzi ca pa nsanjika ya 9 cinali cokhoma, pakuti eni fakitale anali kuopa kuti anchito angabe katundu. Makwerero acitsulo othawirapo moto anathyoka ndi kulemera kwa anthu, ndipo makwerero a ozimitsa moto anangofika pa nsanjika ya 6. Anthu 146 anafa, ena ndi moto ndi utsi, ena polumpha pa mazenera. Ambiri anali atsikana ndi amai acitsikana ocokera ku Italy ndi Ayuda ocokera kum'mawa kwa Ulaya. Ang'ono koposa anali a zaka 14. Perkins anali pafupi, ndipo anaona ndi maso ace anthu akugwera pa mseu. Eni fakitale, Max Blanck ndi Isaac Harris, anazengedwa mlandu wa kupha anthu, koma mu December 1911 bwalo linawapeza osalakwa.

Tsono mlandu unali wa yani? Eni fakitale anali ndi wao, ngakhale bwalo linawamasula, cifukwa cikumbumtima sicitsata cigamulo ca oweruza. Koma bulauzi yotsika mtengo inali ndi oigula, ndipo kutsika kwa mtengo wace kunacokera pa malipiro ocepa, maola ambiri, ndi anthu othithikana pakati pa nsalu zosacedwa kuyaka. Wogula sanakhome citseko; komabe anali kudya phindu la citseko cokhomaco osafunsa. Andale nao anali ndi mbali yao, pakuti malamulo amene analipo anali ofooka, oyendera mafakitale anali ocepa, ndipo mu 1909, pamene asoki zikwizikwi a mu mzindamo pamodzi ndi a ku Triangle ananyanyala nchito podandaula za masungidwe ao, cimene ambiri analandira ndico kumangidwa ndi apolisi.

Mu June 1911 nyumba ya malamulo ya ku Albany inakhazikitsa komiti yofufuza mafakitale. Wapampando anali Robert F. Wagner wa ku Senate, waciwiri wace anali Smith, ndipo Perkins anali mmodzi wa ofufuza. Apa Smith anaphunzira zimene mapepala sanamphunzitse. Perkins sanalole kuti akuluakuluwo angokhala m'cipinda ndi kumva malipoti. Anawatengera ku Auburn mbandakuca kuti akaone amai akutuluka m'fakitale ya zingwe atagwira nchito usiku wonse. Anawaonetsa ana aang'ono, ena a zaka 5 kapena 6, akusenda nyemba m'mafakitale oika zakudya m'zitini. Ndipo Wagner anakwawa yekha pa kaboo ka pakhoma kamene eni fakitale ina anali kunena kuti ndiyo njira yothawira moto.

Pakati pa 1911 ndi 1915 cigawo ca New York cinakhazikitsa malamulo opitirira 30 ocokera ku nchito ya komitiyo. Analamula kuti zitseko zisamakhomedwe pa nthawi ya nchito ndipo zizitsekukira kunja, kuti m'nyumba zazitali mukhale mipope yothira madzi yokha moto ukabuka, kuti anchito aziyeseza kuthawa moto, ndi kuti fodya asasutidwe m'fakitale. Analetsanso kugwiritsa amai nchito usiku m'mafakitale, anapereka tsiku limodzi lopuma pa sabata, naonjezera oyendera mafakitale.

Otsutsa sanasowe, ndipo mfundo zao sizinali zopusa zonse. Anati malamulo otere adzakweza mtengo wa katundu, wosauka ndiye adzabvutika pogula, ndipo mafakitale adzathawira ku zigawo zina. Ena anati munthu wamkulu ali ndi ufulu wogwira nchito maola amene wagwirizana ndi bwana wace. Ndipo mu 1905 bwalo lalikulu la dziko la America linali litagamula motero pa mlandu wa Lochner, pothetsa lamulo la New York loletsa ophika buledi kupyola maola 10 pa tsiku. Koma Papa Leo XIII, m'kalata yace ya Rerum Novarum ya 1891, anali ataphunzitsa kale kuti wanchito amene abvomera pangano loipa cifukwa ca kusowa kapena mantha wacitiridwa nkhanza, ndi kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga moyo wa munthu wodziletsa. Mtsikana wa zaka 14 amene kwao akudikira malipiro ace kuti adye, sangakambirane ndi mwini fakitale monga anthu olingana.

Nanga za mtengo? Apa ndi pamene wopempha mpando ayesedwa. Kuteteza wogula sindiko kumlonjeza mtengo wotsika koposa ai. Ndiko kumteteza ku sikelo yonama, ku cakudya coola, ku mankhwala acinyengo ndi ku ngongole ya katapila. Mtengo wolungama ndi umene ulipira nsalu, ulipira dzanja limene linasoka, nusiyira mwini fakitale phindu loyenera. Mtengo ukatsika kupyola pamenepo, ndiye kuti pali wina amene akulipira cotsalaco ndi thupi lace. Cifukwa cace cilungamo ca wogula ndi ca wanchito ndi cimodzi: ali yense alandire cimene ciri cace, wina asadye thukuta la mnzace. Nthawi zambiri ngakhale phindu lao ndi limodzi, pakuti buledi wophikidwa m'cipinda conyansa ca pansi pa nthaka adwalitsa womuphika ndi womudya yemwe. Koma pamene phindu lao lisiyana, wopempha mpando woona mtima ayenera kuuza ogula poyera kuti citseko cotsekuka ciri ndi mtengo wace, ndipo ndalama zina zidzacokera m'matumba mwao. Walira mvula walira matope. Wolonjeza kuti zonse zidzatsika mtengo, malipiro nakwera, popanda wina wotayapo kanthu, ameneyo akupempha mavoti ndi bodza.

Patsala mafunso awiri. Loyamba ndi la kugonjerana. Mu 1912 lamulo loti amai ndi ana asapyole maola 54 pa sabata m'mafakitale linafika pothera, koma eni mafakitale a zitini anali atakakamiza kuti ao asakhudzidwe. Perkins anayenera kusankha: kukana lamulo lopunduka ndi kutaya zonse, kapena kulilandira ndi kusiya ena kunja. Analilandira, ndipo amai ambirimbiri anapeza mpumulo. Kugonjerana kotere sikulakwa ngati munthu sanena za coipa kuti n'cabwino, ngati aulula poyera amene atsala kunja, ndipo ngati abwereranso kukawamenyera nkhondo, monga komiti ija inacitira pofufuza mafakitale a zitini omwewo. Kulakwa ndiko kulandira theka ndi kulengeza kuti nchito yatha.

Laciwiri ndi la colinga. Mtsogoleri wa Tammany, Charles F. Murphy, analola malamulowa poona kuti mavoti a anchito angathawire ku zipani zina. Kodi cabwino cocitidwa pofuna mavoti cikhalabe cabwino? Kwa mtsikana amene wapeza citseko cotsekuka, cikhalabe cabwino ndithu. Kufuna mpando pakokha si chimo. Ndi katundu amene wina ayenera kumsenza, ndipo anthu abwino akamthawa poopa kudetsedwa, oipa amtola. Koma mtima wa wopemphayo udziwika pa tsiku limene cilungamo ndi mavoti ziloza njira zosiyana.

Smith anasankhidwa kanai kukhala bwanamkubwa wa New York, ndipo mu 1928 anakhala Mkatolika woyamba kuimira cipani cacikulu pa mpando wa Pulezidenti, ngakhale anagonja kwa Herbert Hoover. Perkins anakhala nduna yoona za nchito m'dziko lonse kuyambira 1933 kufikira 1945, mai woyamba kukhala nduna ku America. M'zaka za m'ma 1930 awiriwa anasiyana maganizo, pamene Smith anatsutsa kolimba nchito za Pulezidenti Roosevelt zimene Perkins anali kuzitumikira. Mbiri ya dzulo ya munthu, ngakhale ikome bwanji, simasula wovota ku udindo womyesanso lero.

Motero wopempha mpando m'dzina la ogula ndi anchito sayesedwa ndi kukoma kwa pakamwa, kapena ndi dzina la cipani cimene camtuma. Ayesedwa ndi zinthu zooneka: ngati aphunzira malamulo amene afuna kuwasintha, ngati apita yekha kumene anthu agwira nchito ndi kumene agula, ndi ngati alimba mtima kuuza omsankha mtengo wa cilungamo cimene akucipempha. Wovota nayenso ali ndi funso lace, lobvuta koposa la phungu, pakuti wovota ndiye wogula uja. Akapeza cobvala cotsika mtengo modabwitsa, kodi ali wokonzeka kufunsa za amene anacisoka, ndi kuonjezera ndalama ngati yankho likhala lomvetsa cisoni?