Kupatula Si Kutaya

Thadzi likaswa anapiye, nthawi zina pamapezeka kamodzi kofooka. Kamatsalira m'mbuyo, mapiko ali lende, kukamwa kuli yasa, kakupuma mobanika. Mwini nkhuku amaopa chitopa, nthenda yopatsirana imene imatha kupulula khola lonse. Chitopa chilibe mankhwala, chimangopewedwa ndi katemera. Choncho kamwanapiyeko kayenera kuchotsedwa pakati pa anzake. Koma kapite kuti?

Wina amakaponya kudzala, amvekere: "Kafa kale aka." Wina amakaika m'dengu moyala nsanza, pambali pa botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu, kutali ndi utsi wa mbaula. Amakadonthezera madzi a shuga pansonga ya mlomo pang'onopang'ono kuti kasatsamwe, kenaka amasamba m'manja asanapite kukhola.

Onse awiri ateteza nkhuku zotsala, ndipo mwina kamwanapiye ka m'dengu nakonso sikafika mawa. Kodi wachiwiriyu wangodzivutitsa? Ayi. Chifundo sichiyamba chawerengera ngati wodwala achira. Pa Mateyo 10, Ambuye Yesu akuphunzitsa kuti ngakhale mpheta yotsika mtengo Atate amaisamala.

M'mabanja ndi m'miphakati nkhaniyi iliponso. Wodwala chifuwa chachikulu akagona m'chipinda chakechake cholowa mphepo, imeneyo ndi nzeru. Koma abale akasiya kumulonjera m'mawa, phala n'kumangomusiyira pakhomo, chipindacho chasanduka dzala. Kupatula kumateteza ena, kutaya kumangopeputsa wotayayo. Wopatulidwa amazindikira msanga ngati anthu akumusamala kapena amutaya.