Kodi Wakumtunda Ali ndi Mlandu?

Munthu akagwetsa mitengo m'phiri la kwao, nalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, madzi nakaononga midzi ya anthu amene iye sanawaonepo, kodi munthuyo ali ndi mlandu? Funso limeneli nlovuta, ndipo woliyankha ayenera kuyamba wapenyetsetsa machitidwe a madziwo.

Mtsinje wa Shire utuluka m'Nyanja ya Malawi ku Mangochi, nuyenda makilomita pafupifupi 400 kukathira m'Zambezi. Pamene dziko lili lotsetsereka, monga pa mathithi a Nkula ndi Kapichira, madzi athamanga nakumba miyala. Koma pofika kuchigwa cha Chikwawa ndi Nsanje afooka, natula dothi limene anasenza. Motero chonde cha madimba a kumunsi nchochokera kumtunda. Tsoka nalonso lidzera njira yomweyo. Mvula ikagwa paphiri lopanda mitengo, madzi salowa pansi. Atsika onse pamodzi ndi matope, nakwirira njira ya mtsinje, mtsinjewo nusefukira. Anthu a kuchigwako anaziona zimenezi mu 1989 ndi zaka zina, makamaka 2015, pamene midzi yambiri inamira.

M'nyanja zamchere namonso muli mitsinje yopanda magombe. Wina wotchedwa Gulf Stream usenza madzi ofunda kuchokera kugombe la America kunka ku Ulaya, ndipo chifukwa cha iwo dzinja la ku Britain siliwawa monga la ku Labrador, ngakhale maiko awiriwo atalikirana ndi pakati pa dziko mofanana. Wina wozizira, wa Benguela, uumitsa mpweya kugombe la Namibia, kotero kuti chipululu chifika mpaka kunyanja. Ndipo madzi a Pacific akafunda mopitirira pafupi ndi Peru, chimene atcha El Niño, mvula ichepa kumwera kwa Afirika, monga zinachitika mu 1992, 2016 ndi 2024. Mlimi wa ku Balaka sanaione nyanja imeneyo, komabe nkhokwe yake inaimva.

Tsono madzi alibe mlandu, pakuti sadziwa chimene achita. Munthu ndiye asiyana nawo. Wina anganene kuti, mlimi wosauka ayenera kudya, ndipo mtengo umodzi suli kanthu. Mau amenewa ali ndi choonadi chake: wosoweratu pogwira sayenera kuweruzidwa mofanana ndi wogwetsa nkhalango pofuna kulemera. Koma kunena kuti mtengo umodzi suli kanthu nkudzinyenga, popeza ndi Shire yemwe ndi madontho osonkhana. Mlandu uyamba tsiku limene munthu wadziwa kumene dothi lake lipita, nukula monga mwa mphamvu imene ali nayo yochitira mwina. Kusamuona wovutikayo sikuchotsa mlandu. Kungochotsa manyazi okha.

Chotonthoza nchakuti zokoma nazonso zitsika ndi madzi. Wolima mizere yopingasa, nasiya bango ndi nsungwi m'mbali mwa mtsinje, apulumutsa anthu amene sadzamthokoza konse, pakuti sadzamdziwa. Ukoma wotere ndiwo weniweni, popeza suyembekeza mphotho. Ndipo palibe munthu amene ali wakumtunda yekhayekha. Aliyense ali kumunsi kwa wina. Wokana kumva zimenezi akumbukire mau a makolo akuti mtsinje wa Tinkanena unathera m'Siizi.